MBALE ZA KANINDO NDI NYIMBO ZOBWEREKA

Omvera amene adakula m'zaka za m'ma 1970 kumadzulo kwa boma la Lilongwe adzakumbukira mmene tsiku Loweruka linkakhalira pa Namitete, pa Mpingu kapena pa Nsaru nyengo yogulitsa fodya ikakwana. Dzuwa likapendeka, mwini bala ankatulutsa chokuzira mawu n'kuchikoleka pakhonde, ndipo kulira kwa magitala othamanga kunkamveka mpaka kumadambo. Munthu wobwera pa njinga kuchokera kwa Kabudula kapena ku Nambuma sankafunsa njira, pakuti khutu ndilo linkamutsogolera. Nyimbo zimene zinkakoka anthu kwambiri masiku amenewo zinkatchedwa kanindo. Mawu ake sadali a Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo mwa onse amene ankabutsa fumbi pabwalopo kudali kovuta kupeza ngakhale mmodzi wotha kumasulira zimene woyimbayo ankanena. Komabe nsapato zinkatha, thukuta linkatsika, ndipo mbale ikafika kumapeto anthu ankafuula kuti ibwerezedwe.

Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti Kanindo si dzina la gule, koma la munthu. Bambo Phares Oluoch Kanindo adali Mluo wa ku Kenya, ndipo ntchito yawo sidali yoyimba ayi. Iwo ankasonkhanitsa magulu a oyimba, kuwajambulitsa ku Nairobi, kudinditsa mbale ndi kuzigulitsa. Kwawoko nyimbozo zimatchedwa benga. Zidabadwira m'mbali mwa nyanja ya Victoria pamene anyamata a Chiluo adasamutsira pa gitala kaimbidwe ka nyatiti, choyimbira cha makolo awo cha nsambo 8, ndipo zidatchuka ndi magulu monga Shirati Jazz ya D.O. Misiani. Koma mbale zitafika ku Zambia, ku Rhodesia ndi kuno ku Malawi, maso a wogula ankagwera pa dzina lolembedwa pa kapepala kozungulira ka pakati pa mbale. Dzina la woyimba lidali lovuta pa lilime. La mwini malonda lidali lofewa, ndiponso linkabwerabwera pa mbale zambiri. Motero wogulitsa adalowa ufumu wa woyimba popanda kuupempha. Ku Zimbabwe zidachitika kawiri: dzina lakuti sungura, limene lero ndi la nyimbo zotchuka za dzikolo, lidachokeranso pa chizindikiro cha mbale za ku Kenya, ndipo m'Chiswahili mawuwo amatanthauza kalulu.

Pofuna kumvetsa nkhaniyi ndi bwino kuyamba wayang'ana mbale yeniyeniyo. Mbale zakale za galamafoni yopukusa ndi dzanja zinkazungulira ka 78 pa mphindi imodzi. Zidali zolemera, zosachedwa kusweka ngati phale, ndipo singano yake yachitsulo inkafunika kusinthidwa pafupipafupi. Mu 1949 kampani ya RCA Victor ya ku America idatulutsa mbale yaing'ono ya mainchesi 7, yozungulira ka 45 pa mphindi. Imeneyi ndiyo idasintha zinthu. Idali yopepuka, yolimba, yotsika mtengo, ndipo munthu ankatha kulonga zambiri m'sutikesi pakati pa malaya. Mbali imodzi inkatenga mphindi zowerengeka chabe, choncho nyimbo yaitali ya benga inkadulidwa pakati, gawo loyamba mbali ino, lachiwiri kuseri. Amene adavinako akudziwa kamphindi kaja kachete, ovina ali chiimire, manja m'chiuno, kudikira kuti mnyamata wa pa gumbagumba atembenuze mbale. Akudziwanso kuti mabatire akayamba kufooka, nyimbo inkayenda ngati ng'ombe yotopa ndi ngolo, mawu a woyimba n'kunenepa, mpaka wina atumidwe kusitolo.

Mbale, tsono, imayenda yokha, kusiya mwini wake kumudzi. Ikafika kwa alendo, alendowo ndiwo amagamula za moyo wake: aitche dzina lotani, aivine motani, aisunge zaka zingati. Zimenezi sizidachitike kuno kokha. M'zaka zomwezo zimene kanindo ankagwedeza makonde a Nsaru, anyamata ndi atsikana a m'mafakitale a kumpoto kwa England adali pa chikondi chofanana ndi nyimbo za anthu akuda a ku America, ndipo nkhani yawo ikuunikira bwino za kuno.

Nyimbo zimene iwo ankafuna zidali za mtundu wa soul, zothamanga, za kaimbidwe konga ka kampani ya Motown ya ku Detroit, zojambulidwa pakati pa zaka za m'ma 1960. Koma sankafuna zotchuka zimene aliyense adazimva pa wailesi. Ankasakasaka zimene zidalephera pa msika: mbale za timakampani tating'ono ta ku Detroit, Chicago ndi Los Angeles, zodindidwa zochepa, zosagulidwa, zoiwalika m'nyumba zosungira katundu. Ku America komweko nthawi idali itapita, anthu atatembenukira ku nyimbo zina. Dave Godin, amene adali ndi sitolo ya mbale yotchedwa Soul City mu London, adaona kuti achinyamata ochokera kumpoto akabwera kudzaonera mpira ankafunsa nyimbo zosiyana ndi zimene a mu London ankagula. Iye adazipatsa dzina lakuti northern soul, ndiye kuti soul ya kumpoto, ndipo mu 1970 adalilemba m'magazini ya Blues & Soul. Apanso dzina silidachokere kwa oyimba. Ku Detroit kudalibe munthu amene adadzuka m'mawa n'kunena kuti lero akayimba northern soul, monganso ku Kisumu kudalibe amene ankati akuyimba kanindo.

Nyumba zovinira zidali zodziwika: Twisted Wheel ku Manchester, imene idatsekedwa mu 1971, Golden Torch ku Tunstall, imene idatsekedwa mu 1973, Blackpool Mecca, ndiponso yotchuka koposa, Wigan Casino, imene idayamba madansi ochezera mu September 1973 n'kutsekedwa mu December 1981. Pa Wigan gule ankayamba 2 koloko usiku n'kutha 8 koloko m'mawa. Mowa sunkagulitsidwa m'madansi amenewa, koma si kuti kudalibe zoipa, pakuti ambiri ankameza mapiritsi oletsa tulo, ndipo nkhani ya mapiritsiwo ndiyo idadanitsa nyumba zina ndi apolisi. Ovina ankawaza ufa wodzola pansi kuti nsapato ziterere bwino, ndipo aliyense ankavina yekha, mopota thupi ndi kudzigwetsa chagada.

M'nyumba zotere mfumu idali woika mbale. Ulemu wake udagona pa chinthu chimodzi: kukhala ndi nyimbo imene mnzake alibe. Ena ankawoloka nyanja kukafukula m'milu ya mbale zakale ku America. Akapeza yabwino ankachita chinthu chimene chingadabwitse omvera: ankamata pepala pa chizindikiro cha mbale, n'kulembapo dzina labodza la nyimbo ndi la woyimba, kuti opikisana nawo akafufuze chinthu chimene kulibe. Ovina ankatha miyezi akukonda nyimbo pansi pa dzina lopeka. Chinsinsi chikaululika, amalonda achinyengo ankadinda makope ambirimbiri popanda chilolezo, ndipo woika mbale uja ankaitaya nyimboyo n'kukasaka ina. Pa zonsezi woyimba weniweni, amene mwina adali atabwerera kale ku ntchito ya m'fakitale ya magalimoto, sankalandira kanthu, ndipo kawirikawiri sankadziwa n'komwe kuti kutsidya kwa nyanja anthu mazanamazana akuomba m'manja pa mawu ake.

Zitsanzo ziwiri zikukwanira. Mu 1965 Frank Wilson adajambula nyimbo yotchedwa Do I Love You (Indeed I Do) ku Motown, koma kampaniyo idafuna kuti iye akhale wokonza nyimbo za ena, choncho mbalezo zidawonongedwa zisanafike pa msika, n'kutsala zowerengeka. Patapita zaka zoposa 10, nyimboyo idatulukira ku England itathamangitsidwa pang'ono, pansi pa dzina la munthu wina, Eddie Foster, ndipo idagwedeza Wigan. Mu 2009 imodzi mwa mbale zoyambirira zija idagulidwa pa mtengo wa £25,742. Chachiwiri ndi Tainted Love, imene Gloria Jones adajambula mu 1964. Idaikidwa kuseri kwa mbale imene sidagulidwe, ndipo idagona mpaka 1973 pamene Richard Searling adaipeza ku America n'kuibweretsa m'madansi a kumpoto. Mu 1981 anyamata awiri a gulu la Soft Cell adaiyimbanso ndi makina amagetsi, ndipo idakhala yoyamba pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Ndalama za upeki zidapita kwa Ed Cobb, amene adailemba. Mayi amene mawu ake adaipatsa moyo sadali ndi gawo pa ndalama zimenezo, pakuti lamulo limasiyanitsa wopeka nyimbo ndi woiyimba.

Kuno mwini bala sadafunike kumata pepala pa mbale. Chinenero chidali chitaphimba kale dzina. Mpikisano wokha ndiwo udali womwewo: pamalo a malonda pamene pali mabala awiri oyang'anizana, anthu ankakhamukira kumene kwafika mbale yatsopano, ndipo mwini wake sankaibwereketsa wamba. Ovina nawo ankatola mawu achilendowo n'kuwapinda kuti amveke ngati Chichewa, mwina moseketsa, mwina motukwana, kotero kuti nyimbo imodzi inkatha kukhala ndi dzina lina kuno, lina uko.

Koma kanindo sadali mlendo woyamba. Njira idalambulidwa kale ndi machona. Kwa zaka zambiri amuna a m'chigawo chapakati ankapita ku migodi ya Johannesburg, kumene ankati ku Joni, kudzera mwa Wenela, ena ku mafamu ndi m'matauni a Southern Rhodesia. Pobwera, pamwamba pa njinga, bulangete ndi suti, munthu wodzilemekeza ankanyamula galamafoni, ndipo pambuyo pake gumbagumba. Ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, boma lidaimitsa ulendo wa Wenela, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna zikwizikwi adabwerera kumudzi ndi katundu wawo. Mbale za ku Nairobi zidafika pa nthawi imene makina oziimbira adali atachuluka m'midzi.

Zimene machona adayamba kubweretsa zidali za kumwera. M'zaka za m'ma 1950 kudali kwela, nyimbo za chitoliro chachitsulo za anyamata a m'misewu ya Johannesburg, zotchuka ndi Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso. Kuyambira 1964 kudadza simanjemanje ya Mahotella Queens ndi gulu la Makgona Tsohle. Kudalinso rumba ya ku Congo, ndi nyimbo zachifatse za Jim Reeves, amene adamwalira mu 1964 koma m'nyumba zambiri za m'dziko muno adakhalabe ngati wachibale kwa zaka makumi angapo.

Pa kwela m'pamene nkhani ya Malawi ikufanana kwambiri ndi ya Wigan. Ku South Africa kwela adazilala m'zaka za m'ma 1960, oyimba atasiya chitoliro n'kutenga malipenga ndi magitala amagetsi. Kuno ndiye adapeza mudzi. Malemu Daniel Kachamba, amene adabadwa mu 1947, ndi mng'ono wawo Donald adakhalako ku Salisbury ndi makolo awo ali ana, ndipo banjalo lidabwerera kwa Singano ku Chileka mu 1961, makutu a anawo atadzala ndi zimene adamva kumeneko. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adawapeza akuyimba mu Blantyre ndi gitala, chitoliro, chisekese ndi besi ya nsambo imodzi yomangidwa pa bokosi. Kuchokera pamenepo nyimbo zawo zidamveka mpaka ku Ulaya. A Daniel adamwalira mu 1987, a Donald mu 2001.

Tsono apa pali kusiyana kumene kuyenera kunenedwa mosabisa. Achinyamata a ku Wigan adasunga mbale. Ankaipembedza monga idaliri, ndipo oyimba a ku England amene adayesa kutsanzira, monga gulu la Wigan's Ovation mu 1975, adanyozedwa ndi eni gule enieni. A Kachamba sadasunge mbale, adaimeza. Adamanga nsambo za gitala mwa njira yawoyawo, chala chachikulu chikuyenda ngati ng'oma pamene zinazo zikuyankha, adaikamo Chichewa cha ku Chileka ndi madandaulo a munthu wa kumudzi, kotero kuti womva lero sakumbukanso za Johannesburg. Ndiche Mwarare adachita chimodzimodzi ndi gitala yogoneka pamiyendo imene anthu adaitcha hauyani, dzina lochokera ku zilumba za Hawaii. Ndipo anyamata osawerengeka a m'midzi, amene maina awo sadalembedwe paliponse, adasema mabanjo a zigubu za mafuta ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga, n'kuyesa kutulutsa pa zimenezo zimene adamva pakhonde la bala. Poyesapo ankaphonya, ndipo m'kuphonya momwemo ndimo munkabadwa kaimbidwe katsopano. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sadanene kuti mwini mudzi azingokayang'ana osametera.

Wina anganene kuti zonsezi n'kutaya chikhalidwe. Woteroyo ayambe wafunsa kumene mganda udachokera. Gule ameneyu, amene lero amawerengedwa pakati pa magule a makolo m'chigawo chapakati, adatengera perete wa asilikali pambuyo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918: mizere, mayunifolomu, maudindo, ndi zikho zoombedwa m'malo mwa malipenga amkuwa. Ndiponso a ku Kenya eniakewo adali obwereka. Mbale za George Sibanda wa ku Bulawayo ndi za Jean Bosco Mwenda wa ku Katanga zidaphunzitsa ambiri a iwo gitala, ndipo twist ya ku Nairobi ya m'ma 1960 idatapa ku kwela, mothandizidwa ndi oyimba a ku Zambia monga Nashil Pichen amene ankakhala kumeneko. Benga itatsikira kumwera idasanduka sungura, ndipo ena mwa amene adaikweza ku Zimbabwe ndi ana a machona a ku Malawi: Nicholas Zakaria, amene adatsogolera gulu la Khiama Boys, ndi Alick Macheso, amene adayamba kudziwika akuyimba besi m'gulu lomwelo. Onse awiri adajambula nyimbo zina m'Chichewa. Motero kaimbidwe kamene kadachoka pa nyanja ya Victoria m'Chiluo kadabwereranso pa Namitete patapita zaka, kakulankhula chinenero cha eni mudzi.

Vuto, tsono, si kubwereka. Vuto lili pa dzina ndi pa ndalama. Kutenga mayendedwe a gitala, kagundidwe ka ng'oma, kapena kamangidwe ka nyimbo, palibe lamulo loletsa, pakuti mtundu wa nyimbo ulibe mwini. Koma kutenga nyimbo yathunthu ya munthu wodziwika, kusintha mawu okha n'kulembapo dzina lako, kumeneko ndi kukolola m'munda mwa wina. Nkhani yomvetsa chisoni koposa ndi ya Solomon Linda, amene adajambula Mbube ku Johannesburg mu 1939. Nyimboyo idawoloka nyanja, idasinthidwa, ndipo mu 1961 idatchuka pa dziko lonse pansi pa dzina lakuti The Lion Sleeps Tonight. Mwini wake adamwalira ali mmphawi mu 1962, ndipo ana ake adadikira mpaka 2006 kuti mlandu uthe ndi mgwirizano wowapatsa gawo lawo.

M'dziko muno lamulo loteteza eni luso lidakhazikitsidwa mu 1989, bungwe la COSOMA lidayamba ntchito mu 1992, ndipo mu 2016 kudadza lamulo latsopano m'malo mwa lakale lija. Mwa lamuloli, woimbitsa nyimbo pamalo a malonda, kaya ndi bala, malo ogona alendo kapena holo ya dansi, ayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo ndalama za ziphasozo zimagawidwa kwa eni nyimbo. Nyimbo za makolo zimene wopeka wake sadziwika lamulo lidaziika m'manja mwa boma m'malo mwa mtundu wonse. Eni mabala ena amaona chiphasochi ngati msonkho wongowazunza. Koma mwini bala wa m'ma 1970 akadafunsidwa chimene chinkadzaza nyumba yake Loweruka, akadaloza gumbagumba, osati mowa, pakuti mowa udali womwewo tsidya lina la msewu.

Komabe lamulo limagwira ntchito pokhapokha dzina likudziwika, ndipo masiku ano dzina likusowa msanga kuposa kale. Mbale idagonja kwa kaseti m'zaka za m'ma 1980, kaseti idagonja kwa CD, ndipo tsopano nyimbo zimayenda pa timakadi ta m'mafoni, zothiridwa ndi anyamata a makompyuta pa misika ya Nsaru ndi Mpingu. Kapepala kozungulira kaja kankanama nthawi zina, koma kankanena kanthu: gulu, wopeka, kampani, nambala ya mbale. Pa kakadi nyimbo imatha kufika ndi nambala yokha, kapena ndi dzina limene wothirayo adaganiza. Zimene woika mbale wa ku Wigan ankachita dala ndi guluu ndi pepala, lero zikuchitika zokha popanda wozifuna.

N'chifukwa chake mbale zakale zimene zatsala m'masutikesi a agogo kwa Kabudula ndi ku Nambuma zili za mtengo kuposa mmene eni ake akuganizira, ngakhale gumbagumba adafa kalekale. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasakasaka mbale za benga za m'ma 1970 monga mmene anzawo ankasakira za ku Detroit, ndipo zina zimadindidwanso mwatsopano. Pa ntchito yotere kapepala ka pakati ndiko kamalozera kumene mwini nyimbo kapena ana ake angapezeke. Mbale imafuna kuimikidwa chilili, osati kusanjikizidwa; imapindika ikakhala padzuwa kapena pafupi ndi moto; fumbi limachotsedwa ndi kansalu kofewa motsata mizere yake, ndipo madzi asafike pa kapepalako. Bambo Kanindo, amene pambuyo pake adakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera la Homa Bay, adamwalira mu 2014. Pansi pa dzina lawo, m'zilembo zing'onozing'ono zimene ovina a pa Namitete sadaziwerenge, pali maina a amene ankayimba.